Anawaika mapulateleti koma sanakwere: n'chifukwa chiyani adokotala akukana kuonjezera ena?

Funso

Adokotala, ndine bambo wa ku Chadiza, kum'mawa kwa Zambia. Mkazi wanga ali ndi zaka 34 ndipo tili ndi ana anayi. Mwezi wathawu anayamba kutuluka timadontho tofiira m'miyendo ndi mikwingwirima m'manja popanda womumenya, ndipo akamatsuka mano nkhama zimatuluka magazi. Kumwezi anataya magazi ambiri kuposa kale lonse. Kuchipatala anatiuza kuti mapulateleti ake atsika kufika pa 8,000 ndipo matendawa ndi ITP. Tsiku loyamba anamuika mapulateleti, koma m'mawa mwake atayezanso anapeza 9,000. Kuchokera pamenepo adokotala akukana kumuikanso, angomupatsa mapiritsi a prednisolone. Ine ndi alamu anga atatu tili okonzeka kupereka magazi. Kodi amene anamuikawo anali oonongeka? Kapena akusungira anthu ena? Nanga angadzaberekenso?

Yankho

Bambo, pepani ndi matendawa. Ndiyambe ndi chimene chakukhalani pamtima. Zoti mapulateleti aikidwa madzulo, kukacha n'kupeza palibe chasintha, ndiwo khalidwe lake la ITP, matenda amene chitetezo cha thupi chimaononga mapulateleti a mwini thupi. Pa matendawa ngakhale thumba labwinobwino, lotengedwa dzulo lomwe kwa munthu wathanzi, limatha m'maola ochepa likalowa m'thupi. Dokotala amene wasiya kuika mapulateleti n'kuyamba prednisolone sakuwamana amayi chithandizo ayi. Akuchita zomwe akatswiri a matenda a magazi amachita ku Lusaka, ku Johannesburg ngakhale ku London, kumene mapulateleti sasowa kawirikawiri.

Kwathu kuno tikamva kuti magazi achepa timangoona njira imodzi: thumba lipachikidwe, munthu adzuke. Pa kuchepa kwa maselo ofiira, monga zimachitikira mwana akadwala malungo aakulu kapena mayi akataya magazi pobereka, zimayendadi choncho, chifukwa selo lofiira limakhala m'thupi mpaka miyezi inayi. Mapulateleti ndi ena. Ndi tizidutswa ting'onoting'ono, tochepa kuposa maselo ofiira, topangidwa m'mafuta a m'kati mwa mafupa. Kamtsempha kakang'ambika, ndi iwo amene amafika msanga, n'kumatirirana, n'kutseka pong'ambikapo magazi asanaundane bwinobwino. Munthu wathanzi amakhala nawo pakati pa 150,000 ndi 450,000 m'kadontho kamene ku labu amakatcha microlitre. Pa pepala la zotsatira amangolemba 150 kapena 450, choncho mukaona 8 dziwani kuti ndi 8,000 yomwe ija. Pulateleti imakhala masiku 7 mpaka 10 basi, ndiye thupi limayenera kupanga pafupifupi 100 biliyoni tsiku lililonse kuti chiwerengero chisatsike.

Pa ITP vuto siliyambira m'mafupa, liyambira m'chitetezo cha thupi. Chitetezochi chimapanga ma antibody, timapuloteni timene timamatirira pa kachilombo kuti kaonekere n'kuphedwa. Nthawi zina chimasokonezeka n'kuyamba kupanga ma antibody olimbana ndi mapulateleti a mwini thupi. Iwo amamatirira pa mapuloteni a kunja kwa pulateleti, makamaka amene amatchedwa GPIIb/IIIa, ndipo magazi akamadutsa m'kapamba, maselo a mmenemo amene ntchito yawo ndi kumeza zonyansa amaigwira pulateleti ija n'kuimeza. Imene ikanakhala sabata yathunthu imatha tsiku limodzi, mwinanso maola owerengeka. Ma antibody omwewo amafikanso m'mafupa n'kufooketsa maselo opanga mapulateleti, moti thupi limalephera kubweza amene akuonongekawo.

Tsono mvetsetsani apa. Puloteni ya GPIIb/IIIa ili pa mapulateleti a munthu wina aliyense: anga, anu, a alamu anu, a mnyamata wa ku sekondale amene anapereka magazi sabata yatha. Ma antibody a amayi sasankha kuti iyi ndi yanga, iyi ndi ya mlendo. Chilichonse cholowa amachimata, kapamba n'kuchimeza. Kuika mapulateleti ma antibody akadali ambiri n'kutungira madzi m'dengu.

Zimenezi zinadziwika m'njira yoopsa ndithu. Matendawa anafotokozedwa kalekale, mu 1735, ndi dokotala wa ku Germany dzina lake Paul Werlhof, koma kwa zaka zoposa 200 madokotala ankatsutsana ngati mafupa ndiwo akulephera kupanga kapena pali chimene chikuononga. Mu 1950, pa chipatala cha Barnes ku St. Louis m'dziko la America, dokotala wachinyamata William Harrington anadziika magazi a mayi wodwala ITP. M'maola ochepa mapulateleti ake anagwa, iye n'kukomoka. Mnzake James Hollingsworth atayeza mafuta a m'mafupa ake anapeza ali bwinobwino, ndipo patapita masiku ochepa mapulateleti anabwerera okha. Anasindikiza zimenezi mu 1951. Zinaonetsa kuti m'magazi a wodwala muli chinthu chimene chimaononga mapulateleti a aliyense amene chakumana nawo. Masiku ano palibe bungwe loyang'anira kafukufuku limene lingalole zoterozo, koma yankho la funso lanu linachokera pamenepo.

Sikuti pa ITP mapulateleti saikidwa konse. Amaikidwa moyo ukakhala pachiswe: magazi akamatuluka mu ubongo, akamatuluka kwambiri m'mimba kapena m'chiberekero osaleka, kapena pakafunika opaleshoni yosadikira. Ngakhale pamenepo saikidwa okha. Amayendera limodzi ndi mankhwala ogwetsa mphamvu ya ma antibody, ndipo cholinga chimakhala kupeza maola ochepa oti bala litsekeke, osati kukweza nambala ya papepala. N'kutheka kuti tsiku loyamba lija amayi ankataya magazi ambiri ndipo zoyeza zina zinali zisanatuluke, ndiye kuwaika kunali koyenera. Kubwereza tsiku ndi tsiku magazi atasiya kutuluka ndiko kukanakhala kulakwitsa.

Ine pa ITP ndimayang'ana wodwala ndisanayang'ane nambala. Mapulateleti ochepa amene atsala amakhala atsopano, aakuluakulu, ogwira ntchito mwamphamvu, n'chifukwa chake munthu wa ITP amene ali pa 10,000 kawirikawiri sataya magazi ngati wa khansa ya m'magazi amene ali pa 10,000 yomweyo. Timadontho ta pakhungu ndi mikwingwirima zimaopsa maso koma pazokha sizipha. Chimene chimandidzidzimutsa ndi matuza akuda a magazi m'kamwa ndi pa lilime, kamfuno wosaleka, mkodzo wofiira kapena chimbudzi chakuda bii.

Pali chifukwa chachiwiri chosaikira mapulateleti mwachisawawa, ndipo ichi mabanja sauzidwa kawirikawiri. Thumba lililonse lochokera kwa munthu wina limatha kusiya chikumbukiro m'chitetezo cha wolandira. Pa maselo oyera a magazi ndi pa mapulateleti pali zizindikiro zotchedwa HLA, zimene munthu amatengera theka kwa bambo ake, theka kwa mayi ake. Woyamba kuzindikira chimodzi mwa izo anali Jean Dausset wa ku France mu 1958, ndipo anachipeza pofufuza magazi a odwala amene anaikidwa magazi kambirimbiri. Zilipo za mitundu yochuluka zedi, moti n'kovuta kupeza anthu awiri osakhala pachibale amene akufanana. Thupi likakumana ndi HLA yachilendo limatha kupanga ma antibody olimbana nayo, ndipo likatero siliiwala msanga.

Munthu amakumana ndi HLA yachilendo poikidwa magazi, poikidwa chiwalo cha wina, kapena potenga mimba. Aliyense mwa ana anu anayi anatenga theka la HLA yake kwa inu, ndipo pa nthawi ya mimba, makamaka pobereka, timagazi ta mwana timalowako mwa mayi. Mayi akamabereka ana ambiri, mpata woti ali kale ndi ma antibody a HLA umakulanso. Pa moyo wa tsiku ndi tsiku iwo sadwalitsa, mayi amalima, amabereka, sadziwa n'komwe kuti ali nawo. Amadzaonekera tsiku limene mayiyo wafunikira mapulateleti a munthu wina, thupi n'kuwakana. Ndiye onani: mlingo umodzi wa munthu wamkulu nthawi zambiri umakhala wosakaniza mapulateleti a anthu anayi mpaka asanu ndi mmodzi. Amayi akalandira milingo khumi yopanda phindu chaka chino, ndiye kuti chitetezo chawo chaonetsedwa HLA ya anthu makumi angapo. ITP ikhoza kudzagona ndi mankhwala, koma ma antibody atsopanowa n'kutsala, n'kudzavuta pa tsiku la ngozi ya pamsewu kapena la opaleshoni, pamene mapulateleti akanapulumutsa moyo.

Izi zinayezedwa. Kafukufuku wamkulu wotchedwa TRAP, amene anasindikizidwa mu 1997, anatsata odwala khansa ya m'magazi amene ankaikidwa mapulateleti pafupipafupi. Mwa amene ankalandira mapulateleti osasefedwa, 45 pa 100 alionse anapanga ma antibody amenewa. Mwa amene ankalandira ochotsedwa kapena ofooketsedwa maselo oyera, anali pakati pa 17 ndi 21 pa 100 alionse. Choyambitsa chachikulu ndi maselo oyera otsalira m'thumba, n'chifukwa chake maiko ambiri olemera amasefa magazi onse asanaikidwe. Kwa wodwala amene thupi lake layamba kale kukana, njira imakhala kufunafuna wopereka wofanana naye HLA, ndipo imeneyo ndi ntchito ya ma labu akuluakulu okhala ndi kaundula wa anthu masauzande. Si chinthu chimene mungachiyembekezere pa chipatala cha pa boma. Kupewa kuti zisayambe ndiyo njira imene tili nayo m'manja.

Ndinenenso kuti mapulateleti akakana kukwera, si nthawi zonse pamene olakwa ndi ma antibody. Kwa odwala ambiri a m'mawodi chifukwa chimakhala kutentha thupi, tizilombo m'magazi, kutaya magazi kumene kukupitirira, kapena kapamba wotupa amene amawasunga osawatulutsa. Kapamba wabwinobwino amasunga kale gawo limodzi mwa magawo atatu a mapulateleti onse, ndiye akatupa ndi malungo obwerezabwereza amatenga ochuluka. Njira yosiyanitsira ndi yapafupi: kuyeza magazi pakati pa mphindi 10 ndi ola limodzi thumba litatha. Akakwera pa ola loyambalo n'kudzagwa mawa, kawirikawiri ndi zifukwa zinazi. Akapanda kukwera ngakhale pa ola loyamba, timaganizira ma antibody.

Za kupereka magazi inu ndi alamu anu, mtima wanu ndi wabwino, ndipo pitani mukapereke. Koma musapemphe kuti anuwo alowe mwa amayi. Mwa anthu onse a ku Chadiza, inu bambo ndi amene simuyenera kuwapatsa magazi, chifukwa HLA yanu ndi imene thupi lawo lakumana nayo kanayi kudzera mwa ana, ndipo akadzatenganso mimba mwanayo adzakhalanso ndi zizindikiro zanu. Magazi a alongo awo nawo ali ndi choopsa chake: chifukwa chofanana kwambiri, maselo oyera a mlongo amatha kulowa osazindikirika, n'kukhazikika, n'kuyamba kuononga thupi la wolandira. Sizichitikachitika, koma zikachitika ambiri sapulumuka, ndipo magazi a wachibale amayenera kudutsa kaye pa makina owaunika ndi mphamvu yapadera asanaikidwe. Mukapereka, magazi anu adzapita ku nkhokwe ya Zambia National Blood Transfusion Service, adzayezedwa HIV, hepatitis B, hepatitis C ndi chindoko, n'kukathandiza amene akugwirizana nawo. Nkhokweyi imadalira kwambiri ana a sukulu, ndiye sukulu zikatseka magazi amachepa. Amuna anayi akuluakulu obwera okha ndi thandizo lenileni.

Palinso vuto lina losowa limene ndikufuna mulidziwe chifukwa limakonda amayi obereka. Kupatula HLA, mapulateleti ali ndi zizindikiro zawozawo zotchedwa HPA. Mayi amene anapanga ma antibody a HPA pa mimba yakale akaikidwa magazi a mtundu uliwonse, ngakhale maselo ofiira, pakapita masiku 5 mpaka 10 mapulateleti ake amatha kugwa mwadzidzidzi mpaka pansi pa 10,000. Chodabwitsa n'chakuti thupi limaononga ndi ake omwe, amene alibe chizindikiro chachilendocho. Mayi aliyense amene waikidwa magazi, n'kuyamba timadontho ndi mikwingwirima patatha sabata, abwerere kuchipatala ndipo anene kuti anaikidwa magazi tsiku lakuti.

Mwafunsa ngati akusungira ena. Mapulateleti ndi osowadi, ndipo chifukwa chake chili m'kasungidwe. Maselo ofiira amakhala m'firiji masiku 35 mpaka 42. Mapulateleti salowa m'firiji. Amasungidwa pa madigiri 20 mpaka 24, pa makina owagwedeza usana ndi usiku, ndipo pakatha masiku asanu amatayidwa. Kutentha komweko n'kumene mabakiteriya amakonda, moti pa zonse zochokera m'magazi, mapulateleti ndiwo amatenga tizilombo mosavuta. Thumba limene mwa amayi litha m'maola awiri, mwa mwana wa khansa amene mafupa ake asiya kupanga likhoza kugwira ntchito masiku atatu. Dokotala akaganizira zimenezo sakukondera.

Chimene ndingakonde mutsimikize ndi china. Palibe choyezera chimodzi chimene chimati uyu ali ndi ITP. Dzinali limaperekedwa zifukwa zina zonse zikachotsedwapo, ndipo kuno kum'mawa zifukwa zinazo n'zambiri. Choyamba ndi malungo, amene amagwetsa mapulateleti kawirikawiri koma mapulateletiwo amabwerera okha malungo akachizidwa. Chachiwiri ndi HIV. Kwa ena kutsika kwa mapulateleti ndiko chizindikiro choyamba, munthu akuoneka wonenepa bwinobwino, ndipo akayamba ma ARV mapulateleti amakwera. Wamkulu aliyense amene wauzidwa kuti ali ndi ITP ayezedwe HIV ndi matenda a chiwindi a hepatitis. Ngati amayi sanayezedwe, pemphani, ndipo kayezetseni limodzi. Kenako mankhwala: kwinini, Septrin ndi rifampicin wa TB amatha kuchititsa thupi kupanga ma antibody amene amaononga mapulateleti pokhapokha mankhwalawo ali m'magazi, ndipo akasiyidwa zinthu zimakonzeka pasanathe milungu iwiri. Auzeni adokotala chilichonse chimene amayi anamwa mwezi wathawu, cha pa kantini ndi cha kwa asing'anga chomwe, musachite manyazi. Kachilombo ka zilonda za m'mimba kotchedwa H. pylori ndi matenda a lupus, amene chitetezo chimalimbana ndi ziwalo za mwini thupi, nazonso zimafufuzidwa.

Funsaninso ngati magazi awo anawapaka pa galasi n'kuwaona pa maikulosikopu, osangodalira nambala ya makina. Pagalasipo ndi pamene pamaonekera khansa ya m'magazi, ndiponso matenda ena otchedwa TTP, amene kum'mwera kwa Africa kuno amayenda kwambiri ndi HIV. Pa TTP mapulateleti amatha chifukwa akuundana m'timitsempha ta mu ubongo ndi mu impso, maselo ofiira n'kumaduka podutsa pamenepo. Wodwala amasokonezeka mutu, maso amachita chikasu, ndipo chimene chimamupulumutsa ndi plasma, madzimadzi a m'magazi otsala maselo akachotsedwa; kumuika mapulateleti kukhoza kuonjezera vuto.

Agogo ena akaona matuza a magazi m'kamwa amakumbukira matenda a onyalai, amene dokotala wina dzina lake Wellman anawalemba mu 1904 atawaona ku Angola, ndipo ankaonekanso m'dziko lathu lino nthawi ya atsamunda. Nawonso ndi a ma antibody olimbana ndi mapulateleti. Masiku ano amapezeka makamaka ku chigawo cha Kavango kumpoto kwa Namibia ndi kum'mwera kwa Angola, ndipo ofufuza amakayikira chuku chomera pa mapira ndi mawere osasungidwa bwino.

Tibwere ku mankhwala amene amayi akumwa. Prednisolone amachititsa kuti kapamba achepetse kumeza mapulateleti, ndipo pang'onopang'ono amachepetsanso ma antibody. Amaperekedwa molingana ndi sikelo ya munthu, kawirikawiri 1 mg pa kilogalamu iliyonse patsiku. Madokotala ena amasankha dexamethasone 40 mg kwa masiku anayi. Sagwira tsiku lomwelo. Ambiri amayamba kukwera pakati pa masiku angapo ndi milungu iwiri, ndipo odwala oposa awiri mwa atatu alionse amathandizika poyamba. Cholinga sikufika pa 150,000. Munthu amene ali pamwamba pa 30,000 ndipo sakutaya magazi amatha kukhala moyo wake bwinobwino. Chimene ndimadana nacho n'kuona wodwala atasiyidwa pa prednisolone miyezi ndi miyezi pofuna nambala yokongola, nkhope itatupa, shuga ndi BP zitakwera, mafupa atafooka, TB itadzuka. Malangizo a masiku ano amati mankhwalawa achepetsedwe pang'onopang'ono n'kusiyidwa mkati mwa milungu pafupifupi isanu ndi umodzi. Koma asasiyidwe mwadzidzidzi, ndipo asasiye okha kunyumba chifukwa chakuti timadontho tazimiririka. Azimwa m'mawa atadya.

Musadzadabwe mapulateleti akadzatsikanso mankhwala akamachepetsedwa. Kwa ana ITP imabwera pambuyo pa chimfine kapena matenda ena a kachilombo ndipo ambiri amachira okha pasanathe chaka, koma kwa akuluakulu imakonda kukhalitsa. Zikatero pali njira zina. IVIG, yomwe ndi ma antibody otengedwa m'magazi a anthu athanzi n'kuikidwa kudzera mumtsempha, imene Paul Imbach wa ku Switzerland anaonetsa mu 1981 kuti imathandiza, imakweza mapulateleti m'tsiku limodzi kapena awiri, koma ndi yodula kwambiri ndipo mphamvu yake imatha m'milungu yochepa, choncho ndi ya pa ngozi. Pali rituximab, amene amachepetsa maselo opanga ma antibody, ndi eltrombopag ndi romiplostim, amene anayamba kugwiritsidwa ntchito mu 2008 ndipo amalimbikitsa mafupa kupanga mapulateleti ambiri. Izi ndi zokambirana ndi katswiri wa matenda a magazi, ndipo mukafika pamenepo pemphani kalata yopitira ku University Teaching Hospital ku Lusaka.

Ena adzakuuzani za kuchotsa kapamba. Opaleshoniyi inayamba ku Prague mu 1916 ndipo imachiritsa kwa nthawi yaitali odwala pafupifupi awiri mwa atatu alionse. Komabe ine kwa munthu wokhala kuno sindiithamangira. Kapamba ndi amene amasefa tizilombo ta malungo ndi mabakiteriya oyambitsa chibayo ndi matenda oumitsa khosi, ndipo munthu wopanda kapamba kumudzi kwa udzudzu wambiri, kutali ndi chipatala, malungo amatha kumutenga m'masiku awiri. Malangizo amati padikiridwe chaka chathunthu kaye, poti ena amachira okha m'nthawi imeneyi, ndipo ikachitika pafunika katemera isanachitike, neti usiku uliwonse, ndi kuthamangira kuchipatala thupi likangotentha, moyo wonse.

Kunyumba, ntchito yanu yaikulu ndi kulondera mankhwala a mutu. Aspirin, Cafenol, Brufen ndi diclofenac amalemaza mapulateleti ochepa amene atsalawo. Mutu ukawawa amwe Panadol. Asabayidwe jakisoni wa m'matako, asazulidwe dzino, ndipo asatemedwe mphini. Ndikudziwa kuti mikwingwirima yobwera yokha usiku imayambitsa nkhani pamudzi, ena amati ndi afiti, ena amaloza mwamuna kuti akumenya mkazi; tengani mmodzi wa akuchikazi akamve yekha kwa adokotala, zidzakupepukirani. Mowa ayi. Kukwera njinga yamoto m'misewu ya mabampu popanda chipewa chake, kapena ntchito yoti akhoza kugwa, zidikire kaye mapulateleti akwere. Za kumwezi zili ndi chithandizo chake: mapiritsi a tranexamic acid amachepetsa kutaya magazi, njira zina zolerera za mahomoni zimachepetsa kapena kuimitsa msambo, pamene lupu ya kopa imauchulukitsa. Ayezedwenso maselo ofiira, chifukwa amene wataya magazi ambiri chotere amafunika mapiritsi a ayironi, ndipo akachepa kwambiri amaikidwa maselo ofiira, nkhani yosiyana ndi ya mapulateleti. Mutu ukawawa modabwitsa, akayamba kusanza, kusaona bwino, kusokoneza mawu kapena kufooka mbali imodzi, musadikire kuti kuche.

Kubereka angadzabereke. Amayi ambiri a ITP amatenga mimba n'kuchira bwino. Chofunika n'chakuti mimbayo ikhale yokonzekera, matenda atakhazikika, ndipo sikelo ayambe msanga pa chipatala chokhala ndi labu ndi magazi, monga Chipata Central kapena St Francis ku Katete, osati kudikira kunyumba. Prednisolone ndi IVIG zimagwiritsidwa ntchito pa mimba. Pofika masiku ochira madokotala amafuna mapulateleti akhale pamwamba pa 50,000, ndipo jakisoni wa pamsana wochititsa dzanzi amafuna 70,000 kapena 80,000. ITP payokha si chifukwa chochitira opaleshoni, koma anamwino amapewa kukoka mwana ndi kachipangizo kopopa pamutu.

Ma antibody a mayi amadutsa nsengwa n'kufika kwa mwana, choncho pafupifupi mwana mmodzi mwa khumi alionse amabadwa ndi mapulateleti ochepera 50,000, ngakhale kuti kutaya magazi mu ubongo kumachitikira ana osakwana mmodzi pa 100 alionse. Izi n'zosiyana ndi vuto la HPA lija, pamene mayi mwiniwake ali ndi mapulateleti okwanira koma thupi lake likulimbana ndi a mwana chifukwa cha chizindikiro chochokera kwa bambo. Limenelo ndi loopsa kwambiri kwa mwana ndipo limatha kugwira ngakhale mwana woyamba. Kwa amayi akunyumba kwanu, mwana akadzabadwa ayezedwe mapulateleti tsiku lomwelo, ndipo akapezeka otsika ayezedwenso, chifukwa amafika pansi kwenikweni pakati pa tsiku lachiwiri ndi lachisanu, nthawi imene ambiri amakhala atatuluka kale m'chipatala. Ma antibody a mayi amatha okha m'thupi la mwana pakapita milungu ingapo, ndipo kuyamwitsa n'kololedwa.